Kuchotsa magazi oundana mu ubongo: mmene opaleshoni ya sitiroko yotaya magazi yayesedwera

Munthu akagwa ndi sitiroko, sikani ya CT n'kuonetsa mbulu wa magazi mkati mwa ubongo, abale amafunsa funso limodzimodzi kulikonse: "Adokotala, bwanji osangowachotsa magaziwo?" Funsoli n'lanzeru, ndipo madokotala a opaleshoni ya ubongo akhala akudzifunsa okha kwa zaka zoposa 60. Yankho lachedwa chifukwa magaziwo ali pamalo amene sungafike popanda kudutsa mu ubongo wamoyo. Njira yopitira kukawachotsa ingathe kuononga zambiri kuposa zimene magaziwo akanaononga.

Sitiroko ili mitundu iwiri ikuluikulu. Wina mtsempha umatsekeka, gawo la ubongo n'kusowa magazi. Wina mtsempha umaphulika, magazi n'kutayikira mu ubongo momwemo. Ku Ulaya ndi ku America mtundu wachiwiriwu ndi wa anthu 10 mpaka 15 pa anthu 100 alionse odwala sitiroko, koma kafukufuku wa SIREN ku Ghana ndi Nigeria anapeza kuti kumeneko ndi pafupifupi atatu pa khumi alionse. Ndi mtundu wakupha kwambiri: odwala pafupifupi 40 pa 100 alionse samaliza mwezi. Mitundu iwiriyi simungaisiyanitse ndi maso. Odwala a mitundu yonse iwiri amapinda kamwa, amafa dzanja ndi mwendo mbali imodzi, amalephera kulankhula. Sikani yokha ndiyo imanena zoona, n'chifukwa chake kumwetsa munthu wa sitiroko aspirin asanajambulidwe n'koopsa: ngati akutaya magazi, mwamuonjezera vuto.

Sitiroko yotsekeka mtsempha ili ndi mankhwala osungunula chotsekacho. Yotaya magazi ilibe mankhwala amphamvu chotero. Madokotala amatsitsa BP, amathetsa mphamvu ya mankhwala oletsa magazi kuundana, monga warfarin, ngati wodwala amamwa, amasamala shuga ndi kutentha kwa thupi, ndipo zimenezi zimathandizadi. Koma mankhwala oletsa kutaya magazi, monga tranexamic acid amene anayesedwa pa odwala 2,325 mu kafukufuku wa TICH-2 wa 2018, sanachititse kuti anthu achire bwino kuposa anzawo. N'chifukwa chake maso ali pa njira zosadalira mankhwala.

Magazi otayikawo amavulaza m'njira zitatu. Poyamba amang'amba ulusi wonyamula uthenga pamalo pamene atulukira, ndipo zimenezi zimachitika m'mphindi zochepa, palibe opaleshoni ingazibweze. Kenako amapanikiza. Chigaza cha munthu wamkulu sichitanuka, choncho chilichonse choonjezereka mkatimo chimafinya ubongo ndi kuukankhira kumbali kapena pansi, kumene kuli gawo loyendetsa kupuma. Chachitatu chimabwera mochedwa: magazi akayamba kuonongeka amatulutsa ayironi ndi zinthu zina zowononga maselo, ndipo ubongo wozungulira mbuluwo umatupa kwa masiku angapo. Opaleshoni ikulimbana ndi ziwiri zomalizazi zokha.

Musanamve za kafukufuku aliyense, dziwani mmene mbulu umayezedwera, chifukwa kafukufuku yense amasankha odwala ndi nambala imeneyi. Pa sikani, dokotala amasankha chithunzi chimene mbulu ukuoneka waukulu kwambiri. Amayeza utali wake m'masentimita, imeneyo ndi A. Amayeza m'lifupi mopingasa utaliwo, imeneyo ndi B. Kenako amawerenga zithunzi zimene mbulu ukuonekamo n'kuchulukitsa ndi kunenepa kwa chithunzi chilichonse, imeneyo ndi C. Mukachulukitsa zitatuzi n'kugawa pawiri mwapeza mamililita. Mbulu wa masentimita 5 m'litali, 4 m'lifupi, wooneka pa zithunzi 8 za theka la sentimita chilichonse, ndi 5 kuchulukitsa ndi 4 kuchulukitsa ndi 4, zimene ndi 80, kugawa pawiri: mamililita 40. Ndi wocheperako pang'ono kuposa dzira la nkhuku. Njirayi imakuza nambala ngati mbulu uli wokhotakhota, koma imatha m'mphindi imodzi popanda chida china kupatula sikaniyo. Mamililita 30, masupuni aakulu awiri okha, ndiwo malire amene ngozi imayamba kukula msanga.

Malo ake nawonso ndi nkhani yaikulu. Magazi ena amatayikira pafupi ndi kunja kwa ubongo, pansi pa makwinya ake. Awa madokotala amawatcha lobar, ndipo mwa okalamba nthawi zambiri amabwera chifukwa cha puloteni yotchedwa amyloid imene imafooketsa timitsempha. Ena amatayikira mkatikati, ku basal ganglia kapena ku thalamus, kumene timitsempha ting'onoting'ono timatopa ndi BP ya zaka zambiri. Mkatikatimo ndi mmene mumadutsa ulusi wonse woyendetsa dzanja ndi mwendo, wothithikana pamalo aang'ono ngati mtolo wa bango.

Zaka za kulephera

Woyamba kuyesa nkhaniyi mogawa odwala m'magulu awiri anali Wylie McKissock ku London, amene mu 1961 anatulutsa zotsatira za odwala 180. Opaleshoni sinathandize, ochitidwa opaleshoni anachita moipirako. Koma nthawi imeneyo kunalibe sikani, dokotala ankalowa mu ubongo asanaone bwino pamene magazi ali. CT yoyamba ya wodwala inajambulidwa mu 1971 pa chipatala cha Atkinson Morley, chomwecho chimene McKissock ankagwirako ntchito.

Kafukufuku wamkulu wa nthawi ya sikani anali STICH, wotsogoleredwa ndi David Mendelow ku Newcastle. Anatenga odwala 1,033 m'zipatala 83 za m'maiko 27, zotsatira zinatuluka mu 2005. Pa miyezi isanu ndi umodzi, amene anachira bwino anali 26 pa 100 mwa ochitidwa opaleshoni msanga, ndi 24 pa 100 mwa osamalidwa popanda opaleshoni. Kusiyana kotere kungathe kubwera mwamwayi chabe. Pofufuza manambala anaona ngati mibulu ya pafupi ndi kunja ikupindula, choncho anachita STICH II, odwala 601, mibulu ya mamililita 10 mpaka 100 yosapitirira sentimita imodzi kuchokera kunja kwa ubongo. Mu 2013 anapeza kuti amene anathera poipa anali 59 pa 100 m'gulu la opaleshoni ndi 62 pa 100 m'gulu linalo. Sizinakwanenso.

Zifukwa zake n'zoyenera kuzimvetsa, chifukwa ndi zimene zimavuta poyesa opaleshoni iliyonse. Choyamba, dokotala ankalowetsa wodwala mu kafukufuku pokhapokha ngati iye mwini akukayika kuti achite opaleshoni kapena ayi. Amene ankaoneka kuti opaleshoni iwathandizadi ankangopita nawo ku thiyeta, osalowa m'kaundula. Chachiwiri, mu STICH woyamba wodwala mmodzi pa anayi alionse a gulu losachitidwa opaleshoni anadzachitidwabe opaleshoni pamene anayamba kuipiraipira, ndipo mu STICH II anali mmodzi pa asanu. Palibe dokotala angaonerere munthu akumira kuti manambala akhale oyera, ndipo anachita bwino kuwathandiza. Koma zotsatira zake n'zakuti kafukufukuyo sankafanizira opaleshoni ndi kusachita opaleshoni. Ankafanizira kuchita msanga ndi kudikira kaye. Chachitatu ndi njira yeniyeniyo: ambiri ankatsegulidwa chigaza kwambiri, ubongo n'kudulidwa ndi kukankhidwira pambali ndi zitsulo zophwatalala kuti dokotala aone mbulu. Sikani ya pambuyo pake imaoneka yoyera, magazi atachoka, koma chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere: ulusi umene unadulidwa panjira suoneka pa CT, umaonekera pa dzanja limene silikugwiranso.

Gulu la Daniel Hanley ku Johns Hopkins linayesa kuchepetsa chilonda. Mu kafukufuku wawo wa MISTIE III, ankaboola kabowo kamodzi pachigaza, kulowetsa kachubu pakati pa mbulu motsogoleredwa ndi sikani, kukoka magazi amene angatuluke, n'kusiya kachubuko. Maola 8 alionse ankathiramo miligalamu imodzi ya alteplase yosungunula mbulu, mpaka maulendo 9, magazi osungunuka n'kumatuluka okha. Cholinga chinali kusiya mamililita osaposa 15. Pa odwala 506, zotsatira za 2019 zinaonetsa kuti patatha chaka ochira bwino anali 45 pa 100 m'gulu la kachubu ndi 41 pa 100 m'gulu linalo. Kafukufukuyu sanakwanitse cholinga chake, koma anasiya phunziro limene linasintha maganizo a anthu. Odwala 58 okha pa 100 alionse a gulu la kachubu ndi amene anafika pa mamililita 15 aja, ndipo amenewo ndiwo ankaoneka kuti achira bwino. Kachubu kakalowa m'mphepete mwa mbulu m'malo mwa pakati, motsata utali wake, magazi ambiri amatsalira. Njirayi imatenganso masiku, ndipo sinkayamba mpaka sikani yachiwiri itatsimikiza kuti kutaya magazi kwaima. Mwachidule, kuchotsa pang'ono ndiponso mochedwa n'kuika munthu pa ngozi ya opaleshoni popanda phindu lake.

ENRICH: mmene anachitira

Kafukufuku amene anaonetsa phindu momveka ndi ENRICH, wotsogoleredwa ndi Gustavo Pradilla wa ku Emory University ku Atlanta. Anachitika m'zipatala 37 za ku America ndipo anasindikizidwa mu April 2024 mu New England Journal of Medicine. Odwala anali 300, theka opaleshoni pamodzi ndi chisamaliro cha nthawi zonse, theka chisamaliro chokha.

Olowa anali a zaka 18 mpaka 80, okhala ndi mbulu wa mamililita 30 mpaka 80, amene asanadwale ankadzichitira zinthu okha. Pa muyeso wa kutsitsimuka wa Glasgow, umene umayambira pa 3 kwa wokomokeratu kufika pa 15 kwa wodziwa zonse, ankafuna a pakati pa 5 ndi 14. Opaleshoni inkayenera kuyamba pasanathe maola 24 kuchokera pamene munthuyo anaonedwa komaliza ali bwino. Sankalowetsa a magazi a ku thalamus kapena a kumunsi kwa ubongo chakunkhongo, amene magazi adzaza kwambiri m'timapanga ta madzi a mu ubongo, kapena amene kutaya magazi kwabwera chifukwa cha chotupa kapena mtsempha wopunduka. Kuti adziwe zimenezi pamafunika sikani ina yothira mankhwala oonetsa mitsempha. Kulowa ndi chubu pa mtsempha wofufuma umene sunaonedwe ndi ngozi imene ingaphe munthu patebulo pomwepo.

Opaleshoniyo imayenda motere. Wodwala amagonekedwa tulo, mutu n'kumangidwa kuti usasunthe. Zithunzi za sikani zimalowetsedwa mu kompyuta yolondolera, imene imaonetsa pa sikirini pamene nsonga ya chida ili mkati mwa mutu. Dokotala amasankha njira asanadule, ndipo apa ndi pamene pali luso lonse. Sasankha njira yaifupi kwambiri ayi. Amasankha yotsata utali wa mbulu, ndiponso yoyenda motsatana ndi ulusi wa ubongo m'malo moupingasa. Taganizani za kulowetsa chala mu mtolo wa udzu: mukatsata mmene udzu wagonera, umapatuka n'kubwerera, mukapingasa mumathyola.

Amatsegula chigaza pang'ono, masentimita ochepa, n'kung'amba pang'ono nembanemba yolimba yokuta ubongo. Ang'ambe kwambiri, ubongo wopanikizika umatumphukira panja. Polowera ndi mu mpata wachilengedwe wa pakati pa makwinya awiri a ubongo, osati pamwamba pa khwinya. Chida chake, BrainPath, ndi chubu choonekera mkati, chonenepa pafupifupi ngati chala, chokhala ndi ndodo mkati mwake ya nsonga yosadula imene imapatula ulusi. Amachilowetsa mpaka kumapeto akuya a mbulu, n'kuzula ndodoyo, chubu n'kutsala ngati khonde. Chifukwa cha kupanikizika kwa m'mutu, magazi ena amakwera okha m'chubumo. Otsala amayamwidwa ndi chida china, Myriad, chimene chimayamwa ndi kudula timibulu tolimba popanda kutentha. Dokotala amayang'ana ndi makina okuza zinthu, manja onse awiri ali omasuka, ndipo amayambira kuya n'kumabweza chubu pang'onopang'ono, ubongo n'kumatsekeka m'mbuyo mwake. Akapeza kamtsempha kotuluka magazi amakaotcha ndi magetsi. Apa njirayi ikuposa ya kachubu ka MISTIE, kamene sikaona chilichonse ndipo sikangaletse kutaya magazi. Akamaliza amatsuka ndi madzi amchere, kudikira kuti aone ngati sipakutulukanso magazi, kuzula chubu, kubwezera fupa, kenako sikani ina yoyeza zotsala.

Zovuta zake n'zodziwika. Mbulu ukayamba kuchoka ubongo umasuntha, ndipo kompyuta yolondolera, imene ikugwiritsa ntchito chithunzi chakale, imayamba kunama. Dokotala wodalira sikirini yokha amasiya magazi kumbali kapena kuyamwa ubongo wabwino. Kukanda kwambiri makoma a phanga lotsala pofuna sikani yoyera kumadzutsanso kutaya magazi. BP ikakwera pamene wodwala akudzuka ku tulo ta opaleshoni, kamtsempha kootchedwa kaja kangathe kutsegukanso. Mu ENRICH, odwala asanu a gulu la opaleshoni anatayanso magazi n'kuipiraipira pambuyo pake.

Kuyesa chinthu chosabisika

Mankhwala amayesedwa mosavuta: gulu lina limamwa piritsi lenileni, lina la ufa wopanda kanthu, ndipo palibe akudziwa. Opaleshoni ya m'mutu simungaibise, ndipo simungadule munthu wodwala chotere mwachiphamaso. Choncho ofufuza amateteza choonadi m'njira zina.

Gulu limene wodwala alowe silisankhidwa ndi dokotala. Kompyuta ndiyo imachita maere, wodwala atalembedwa kale, kuti dokotala asamapatse opaleshoni okhawo amene akuwaona kuti ali ndi mwayi. Popeza wodwalayo nthawi zambiri sangathe kumva kapena kulankhula, chilolezo chimachokera kwa wachibale womuimira, amene ayenera kuuzidwa mosabisa kuti madokotala sakudziwa njira yabwino mwa ziwirizi, komanso kuti kukana sikuchepetsa chisamaliro. Wodwala amawerengedwa m'gulu limene maere anamuika, ngakhale pambuyo pake atalandira thandizo la gulu linalo. Ndipo oweruza mmene munthu wachirira amayenera kukhala osadziwa gulu lake. STICH inkatumiza mafunso pa positi, MISTIE III inkajambula odwala pa vidiyo n'kutumiza kwa oweruza akutali. Pali bowo limodzi limene silitsekeka: madokotala ndi abale amene akudziwa kuti munthu wachitidwa opaleshoni angathe kulimbikira naye nthawi yaitali pa makina opumira, pamene wa gulu linalo angamusiye msanga. Zimenezi zingasinthe chiwerengero cha imfa, ndipo wowerenga zotsatira azikumbukira.

Muyeso wa kuchira ndi modified Rankin Scale, wa masitepe 7. Pa 0 munthu alibe chizindikiro chilichonse. Pa 1 ali ndi zizindikiro koma akugwira ntchito zake zonse. Pa 2 ntchito zina zamukanika koma amadzisamalira. Pa 3 amafuna thandizo koma amayenda yekha. Pa 4 sayenda kapena kudzisamalira popanda womugwira. Pa 5 ali chigonere, wofuna womuyang'anira usana ndi usiku. Pa 6 wamwalira. ENRICH inapatsa sitepe iliyonse mtengo malinga ndi mmene odwala amaonera moyo wotero: 1 kwa wochiriratu, 0.91, 0.76, 0.65, 0.33, ndipo sitepe 5 ndi 6 zonse zinapatsidwa 0. Tikuona kuti kumeneku kunali kuchita chilungamo, chifukwa opaleshoni yongosamutsa munthu ku imfa n'kumusiya chigonere sinkapeza mphotho iliyonse pa muyesowu.

Patatha masiku 180, gulu la opaleshoni linapeza 0.458, linalo 0.374. Asanayambe anagwirizana kuti adzati opaleshoni yapambana pokhapokha mwayi woti kusiyanako n'koona ukaposa 0.975, kutanthauza 97.5 pa 100. Unafika 0.981. Omwalira m'masiku 30 oyamba anali 9.3 pa 100 m'gulu la opaleshoni ndi 18 pa 100 m'gulu linalo.

Koma nkhani siithera pamenepo, ndipo gawo lotsatirali ndi limene limasiyidwa anthu akamafalitsa uthenga wabwino. Kafukufukuyu anakonzedwa kuti aziunikidwa ali mkati, ndi malamulo olembedweratu onena nthawi yosiya gulu limene silikupindula. Atafika odwala 175, anasiya kulowetsa a magazi a mkatikati ku basal ganglia, n'kupitiriza ndi a lobar okha. Pamapeto pake phindu lonse linali la a lobar, amene anasiyana ndi anzawo ndi 0.127. A mkatikati, amene anali pafupifupi atatu pa khumi alionse, sanapindule: kusiyana kwawo kunali 0.013, kopendekera kumbali yoipa. Anali ochepa moti sitinganene kuti opaleshoni imawavulaza, koma palibenso umboni woti imawathandiza. Chifukwa chomveka n'chakuti mkatikatimo ulusi wa dzanja ndi mwendo umang'ambika pa mphindi yoyamba, ndipo kuchotsa magazi pambuyo pake sikuulumikiza. Dziwaninso kuti ndalama za kafukufukuyu zinachokera ku NICO Corporation, kampani yopanga zida ziwiri zija, ndipo madokotala ake anaphunzitsidwa njirayi asanaloledwe kulowa. Zimenezi sizifafaniza zotsatira, koma zikutanthauza kuti ofufuza ena osadalira kampaniyo ayenera kuzitsimikiza, ndipo dokotala amene wangogula chida sangayembekezere manambala omwewo.

Nthawi yabwino yochitira opaleshoni ikufufuzidwabe. Mbulu umakula m'maola oyamba mwa wodwala mmodzi pa atatu alionse, ndiye kufulumira kukuoneka kwanzeru. Koma kafukufuku wina wa ku Houston wa 2001, wotsegula chigaza pasanathe maola anayi, anaimitsidwa atangofika odwala 11 chifukwa anayi anatayanso magazi. Mtsempha umene wangophulika kumene sunatseke bwino, ndipo mbulu womwewo ndi umene ukuupanikiza. Lero, poti dokotala amatha kuona ndi kuotcha kamtsemphako, funsoli labwereranso, ndipo kafukufuku wa DIST ku Netherlands anakonzedwa kuti ayese opaleshoni ya kabowo pasanathe maola 8.

Kwa a magazi a mkatikati, gulu la ku Bern ku Switzerland linayesa nzeru ina: osakhudza mbulu n'komwe, kungochotsa chigamba chachikulu cha chigaza, cha masentimita osachepera 12, kuti ubongo wotupa upeze kopita. Fupalo limabwezeretsedwa pa opaleshoni ina kutupa kukatha. Kafukufukuyu, SWITCH, ankafuna odwala 300 koma ndalama zinatha ali pa 201. Mu 2024 anapeza kuti omwalira kapena otsala chigonere patatha masiku 180 anali 44 pa 100 m'gulu la opaleshoni ndi 58 pa 100 m'gulu linalo. Kusiyanaku n'kwakukulu, koma pa chiwerengero chochepa chotero kunatsala pang'ono kufika pa mlingo wotsimikizika. Ndipo ambiri mwa opulumukawo anatsala opuwala kwambiri. Dokotala wonena ndi abale za opaleshoni imeneyi ayenera kunena zonse ziwiri, kuti munthu angakhale ndi moyo, komanso moyo wake ungakhale wotani.

Pali malo amodzi amene sipanachitike maere ndipo sipakufunika: cerebellum, gawo la kunkhongo. Kumeneko malo ndi ochepa kwambiri, ndipo mbulu wa mamililita 15 kapena kuposa, kapena uliwonse umene ukupanikiza tsinde la ubongo kapena kutseka njira ya madzi, umachotsedwa mwachangu.

Njira zosadalira mankhwala sizithera ku thiyeta. Zina zayesedwa m'mawodi, ndipo zotsatira zake zinadabwitsa anthu. Munthu wogona osasuntha mwendo amaundana magazi m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo wa sitiroko yotaya magazi sangapatsidwe msanga mankhwala oletsa kuundanako. Masokosi othina, amene zipatala zinkawakhulupirira, anayesedwa mu kafukufuku wa CLOTS 1 mu 2009: sanathandize, anangochulukitsa zilonda pakhungu. Koma zovala za m'miyendo zopopedwa mpweya ndi makina, zofinya ndi kumasula mosinthasintha, zinatsitsa vutoli kuchoka pa 12.1 kufika pa 8.5 pa 100 mu CLOTS 3 ya 2013, pa odwala 2,876. Kudzutsa wodwala pafupipafupi pasanathe maola 24, kumene kunkaoneka ngati kwabwino, kunayesedwa mu AVERT mu 2015, ndipo ochira bwino anachepa, 46 pa 100 poyerekeza ndi 50. Kugoneka wodwala chagada kapena kukweza mutu madigiri 30 tsiku loyamba kunayesedwa pa anthu oposa 11,000 mu HeadPoST mu 2017, popanda kusiyana, ngakhale kuti otaya magazi anali ochepa mwa iwo. Ku Denmark, RESIST inayesa kumanga lamba wa BP pamkono mu ambulansi, kupopa mwamphamvu mphindi 5 ndi kumasula mphindi 5 kasanu, poganiza kuti thupi litulutsa zoteteza ubongo. Apa kubisa kunatheka: gulu linalo linkavala lamba wofanana koma wopopa pang'ono chabe. Pa odwala 1,500, zotsatira za 2023 sizinaonetse phindu.

Kwa ife a kuno ku Malawi, nkhani ya ENRICH iyenera kumveka mosamala. Kumene BP yosathandizidwa ili yofala, magazi ambiri amatayikira mkatikati, mwa anthu a zaka zogwira ntchito, ndipo limenelo ndi gulu limene opaleshoni ya chubu sinaonetse phindu. Odwala onse a kafukufukuyo anali m'zipatala za ku America zokhala ndi kompyuta yolondolera, chipinda cha odwala mwakayakaya, ndi sikani yopezeka usiku uliwonse, ndipo ngakhale gulu losachitidwa opaleshoni linkalandira zonsezo. Ku Malawi CT imapezeka makamaka m'zipatala zazikulu za m'mizinda, ndipo madokotala a opaleshoni ya ubongo ndi owerengeka. Komabe mbali zina za nkhaniyi sizifuna chida cha kampani iliyonse: kuyeza mbulu ndi A, B ndi C, kudziwa ngati uli kunja, mkatikati kapena kunkhongo, kuyeza kutsitsimuka kwa wodwala mobwerezabwereza m'maola oyamba, ndi kusampatsa chakudya kapena madzi pakamwa asanayesedwe ngati akumeza bwino, chifukwa phala lolowera kumapapo limabweretsa chibayo.

Chimene abale angabweretse, chimene sikani singanene, ndi nthawi. Maola 24 a ENRICH, ngakhalenso maola 8 a DIST, amafuna kuti nthawi yoyambira idziwike, ndipo pamene palibe anaona munthu akugwa, madokotala amawerengera kuyambira pamene anaonedwa komaliza ali bwinobwino. Amene anagona 9 koloko usiku akulankhula bwino n'kupezeka 5 koloko m'mawa atafa mbali imodzi, kwa dokotala wadwala kale maola 8. Pofika kuchipatala nenani ola limenelo, nenani ngati anasanza, anadandaula mutu kapena anakomoka, ndipo tengani mapaketi a mankhwala onse amene amamwa, makamaka ngati pali warfarin kapena aspirin, chifukwa palibe dokotala angalowetse chubu mu ubongo wa munthu amene magazi ake sakuundana.